Jeke Imene Ankati Ndinailumpha

Ndikukumbukira kuti unali mwezi wa Juni, chifukwa ku Lichinga kuno mwezi umenewo madzi a m'ndowa amaluma zala. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo panali patangopita masiku atatu chikulireni. Ndilemba poyera, ngakhale kwathu nkhani imeneyi amainong'ona: ndinali kumwezi koyamba. Mama anali atanditengera kuseri kwa bafa n'kundiuza malamulo mofulumira, osandiyang'ana kumaso. Usathire mchere m'ndiwo. Usakhale pa mpando wa Papa. Usalumphe zinthu za amuna. Ndinavomera zonse osafunsa chifukwa, ndipo masiku amenewo ndinkayenda pabwalo la kwathu ngati mlendo woopa kuswa kanthu.

Tinkakhala ku Chiuaula, m'nyumba ya zidina zosapaka yokhala ndi mpanda wa nsungwi. Papa anali ndi karinya, kagalimoto koyera kotsegula kumbuyo, kokalamba kuposa ine. Ankanyamulira mbatatesi za alimi a ku Lione kubwera nazo kumsika wa mu tawuni, ndipo tonse tinkadya pa matayala anayi amenewo. Ankayenda ndi atsibweni anga a Mateyu, mlongo wawo wa Mama, amene ankakhala nafe. Atsibweni ankakweza matumba, koma okha ankadzitcha mekaniko. Ndipo poti iwo ndiwo anali mwini mbumba, pa nkhani zokhudza ine mawu awo ankalemera kuposa a Papa. Zimenezi palibe anandiuzapo, ndinkangoziona.

Kuseri kwa mpando wa karinya kunkakhala jeke yofiira yokwezera galimoto, yooneka ngati botolo lonenepa, yolemera kuposa m'mene inkaonekera. Papa ankaitchula makako, monga amatchulira ambiri kuno.

Dzulo la tsiku limene ndikunenali, Papa ndi atsibweni anabwera kuchokera ku Lione karinya itapendekera mbali imodzi. Chitsulo chogwira masipuling'i a kumbuyo chinali chitamasuka, ndipo Papa anati akonza m'mawa asanapite kumsika. Matumba sanatsitse onse. Anati ntchito yake ndi yaing'ono.

M'mawa umenewo ndinkachokera kotunga madzi, ndowa ili pamutu. Jeke inali gone pakati pa njira yochokera pageti kupita ku khitchini, pomwe atsibweni anaiponya. Munthu wosenza ndowa yodzaza sakhota mwachisawawa. Ndinatukula mwendo, ndinadutsa. Atsibweni anali pa khonde akutsuka mkamwa. Anandiona, analavula madzi, anapitiriza kutsuka mkamwa.

Dzuwa litayamba kufunda, anaika jeke pansi pa karinya n'kuyamba kupopa. Galimoto inakwera bwinobwino, tayala linasiya nthaka. Atangochotsa dzanja pa chitsulo chopopera, inayamba kubwerera pansi, tayala n'kukhalanso pa fumbi. Anapopanso. Inabwereranso. Kachitatu atsibweni anaimirira n'kupukuta manja pa buluku.

"Alamu, musadzivute kufufuza," anauza Papa. "Chifukwa chake ndachiona ndi maso anga. Mwana wanuyu wailumpha, ndipo m'mene aliri masiku ano mukudziwa."

Papa anayang'ana pansi. Mama anatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja. Amayi awiri oyandikana nafe, amene ankadikira kugula mbatatesi zing'onozing'ono zotsala, anali ataima pa mpanda. Chinsinsi changa cha masiku atatu chinali chitayalidwa pabwalo ngati mphale.

"Selina, n'zoona?" anafunsa Mama.

"Inali panjira, Mama."

"Sindinakufunse kumene inali."

Mwambo wake ndi wodziwika: chimene walumpha, uchilumphenso chafutambuyo kuti ubweze zimene wachotsa. Atsibweni anatulutsa jeke, anaigoneka pomwe inali m'mawa. Ine ndinagwira chitenje changa, ndinatembenuka, ndinailumpha cham'mbuyo anthu onse akuona. Mmodzi wa amayi a pa mpanda anaseka pang'ono, kenaka anatseka pakamwa.

Apa ndiulule chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa kuseka kwa amayi aja: ndinakhulupirira. Ndinali mwana wochita bwino kusukulu, ndinkadziwa kuti chitsulo sichimva, komabe ndinakhulupirira kuti m'thupi mwanga muli chinachake chimene chingafooketse jeke. Polumpha paja ndinkapemphera mumtima kuti ichire.

Ndipo inaoneka ngati yachira. Atsibweni anaibwezera pansi pa karinya, anatenga pulayazi n'kumanga mwamphamvu kabawuti kam'munsi kamene amamasula akafuna kutsitsa galimoto. Anapopa. Karinya inakwera n'kuima nji.

"Mwaona?" anatero, akuyang'ana amayi a pa mpanda. "Ana a sukulu awa amati ife sitidziwa kanthu."

Anachotsa tayala la kumbuyo n'kulitsamiritsa ku mtengo wa pichesi. Papa anayala saka pansi, anatenga masipanala, analowa chagada mpaka m'chiuno. Kunja kunatsala miyendo yokha, ndi mapatapata obiriwira kumapazi. Ine anandithamangitsira pa khonde kukasankha nyemba, ndipo anandiuza kuti ndisayandikenso galimoto kufikira nditayera.

Ndinakhala nditatsamira mzati, beseni la nyemba pamiyendo. Sindinkafuna kuyang'ana aliyense, choncho maso anga anangoima pa khoma la khitchini, kuseri kwa karinya. Pa khomalo panali msomali umene Mama ankapachikapo lichero. Kuchokera pomwe ndinakhala, ngodya ya karinya inali itabisa licherolo lonse. Ndinasankha nyemba pang'ono. Nditadzutsa mutu, ndinaona mkombero wa lichero utasuzumira pamwamba pa ngodya ija.

Ndinaganiza kuti ndasuntha ndine. Ndinakanikiza mutu ku mzati kuti usagwedezeke, ndinasiya nyemba, ndinangoyang'ana. Mkombero uja unkakula. Poyamba ngati chala chimodzi, kenaka zala ziwiri. Panalibe phokoso lililonse. Papa ankaimba mluzu pansi pa galimoto, atsibweni ankawapatsira masipanala uku akucheza ndi amayi a pa mpanda za kukwera mtengo kwa feteleza.

Anthu amaganiza kuti pa nthawi yotere mtima umalamula msanga. Wanga sunatero. Ndinaganiza kuti ngati ikutsikadi, ndiye kuti ndinalumpha molakwika, mlandu ndi wanga. Ndinaganiza kuti ndikalankhula, adzatchulanso za thupi langa pamaso pa anthu. Ndinakhala chete nthawi imene mpaka lero sindifuna kuiwerenga, ndikuyang'ana mapatapata obiriwira aja.

"Papa," ndinaitana. Mawu anatuluka aang'ono.

"Iwe, nyemba," anayankha atsibweni osatembenuka.

"Papa, tulukani. Ikutsika."

"Ukufuna uiwonongenso ndi pakamwa? Khala chete."

Lichero linali litaoneka theka la theka. Ndinaimirira, beseni linagwa, nyemba zinamwazika pa khonde ponse. Ndinadutsa pabwalo osathamanga, ndinagwada, ndinagwira mwendo wa Papa pa bondo ndi manja awiri n'kuyamba kukoka. Mtsikana wotha msinkhu sagwira miyendo ya bambo ake. Ndinkadziwa zimenezo bwino lomwe.

Papa anadzidzimuka n'kundipalasa ndi phazi lina. "Ndani ameneyo?" Atsibweni anatola lamba wakale wa injini amene anali pansi n'kundikwapula naye pamsana. Lamba wa injini sali ngati chikoti, amaluma n'kukoka khungu. Anandikwapula kachiwiri, kachitatu. Mama ankaitana dzina langa. Sindinasiye mwendo uja. Ndinaukumbatira n'kugona nawo cham'mbuyo ndi thupi langa lonse.

Papa anatuluka. Koma ndinene zoona: sanatuluke chifukwa chondikhulupirira. Anatuluka kudzaletsa lamba.

"Basi, alamu, basi. Selina, wapenga?"

"Ikutsika, Papa."

"Ngati ikutsika, ikutsika chifukwa wayandikira," anatero atsibweni akupuma mwamphamvu.

Sindidziwa kumene ndinatenga nzeru imene ndinachita. Mwina ndi ukali chabe. Ndinapita pa mbaula, ndinatola khala lozizira, ndinabwerera n'kugwada pambali pa jeke. Atsibweni anatukula dzanja, Papa anawagwira. Pa chitsulo chonyezimira chimene chimatuluka m'khosi mwa jeke ndinalemba mzere wakuda, zala ziwiri pamwamba pa khosilo.

"Ine ndikutuluka kunja kwa mpanda," ndinatero. "Ndikatembenukira kumsewu, sindiiyang'ana. Inu muyang'ane mzerewo."

Ndinaima mumsewu, msana ukuyaka, mphepo yozizira ikulowa m'mabala. Njinga zinkadutsa. Kenaka ndinamva tayala likugubuduzidwa mofulumira n'kugwetsedwa pansi, ndipo ndinamva mawu a Papa, otsika, akuti, "Kankhani, alamu, lilowe pansi pa chasi." Patapita kanthawi anandiitana. Mzere wanga unali utamezedwa wonse. Karinya inali itatsamira pa tayala limene analowetsa pansi pake, ndipo malo amene panali chifuwa cha Papa anali atachepa moti ngakhale galu akanalowa mokwawa. Amayi a pa mpanda anali atachoka.

"Chinthu chikalumphidwa chalumphidwa," anatero atsibweni. "Kubweza sikugwira nthawi zonse."

Papa anasanja zidina ndi thabwa pansi pa galimoto, anatulutsa jeke, anaiika m'saka. Kenaka anandiyang'ana.

"Selina, senza."

Tinayenda wapansi mpaka ku Sanjala, ine patsogolo ndi jeke pamutu, Papa pambuyo, atsibweni patali pang'ono. Kumeneko kunali Che Bwanali, bambo wachiyao amene ankakonza majeke ndi mapampu m'kashedi ka malata pansi pa mitengo ya paini. Anali wamfupi, wovala kofia yodetsedwa ndi girisi, ndipo sankakonda nkhani zambiri.

"Ikuchita chiyani?" anafunsa. "Siikwera, ikukwera theka, kapena ikukwera n'kubwerera?"

"Yafooka basi," anatero atsibweni.

"Sindinafunse ngati yafooka. Matenda atatu amenewo ndi osiyana. Ndani anaiona?"

Papa anandiloza ndi chibwano.

"Ikukwera bwinobwino," ndinatero. "Kenaka imabwerera. Poyamba inkabwerera msanga. Atamanga kabawuti ndi pulayazi, inayamba kubwerera pang'onopang'ono."

"Eya. Uyu ndiye wayankha."

Anaiimika pa benchi n'kuyamba kuifufuza mwa dongosolo lake, akulankhula ngati akuuza jekeyo osati ife. Yosakwera konse, anati, uyambe waona ngati mafuta alimo ndiponso ngati kabawuti kotsitsira katsekedwa. Yokwera theka, yofewa popopa ngati siponji, yameza mpweya: umasule kabawuti, upope kangapo yopanda katundu, utsegule kachitseko kamphira ka m'mbali kuti mpweya utuluke. Zambiri zimameza mpweya chifukwa choigoneka, poti jeke ya botolo imafuna kuima. Koma yokwera n'kubwerera, mafuta akuthawa m'kati momwemo, ndipo wolakwa ndi litsiro pa valavu kapena mphira zotsekera.

Anayang'ana kabawuti kaja n'kupukusa mutu ataona mano a pulayazi. Kenaka anatsegula kachitseko kamphira, anapendeketsa jeke, anadontheza mafuta pa chala. Anawatikita. Anawanunkhiza.

"Ndani anamwetsa jeke iyi mafuta a mabuleki?"

Papa anatembenukira atsibweni pang'onopang'ono.

"Anachepa," anatero atsibweni. "Ku Lione, sabata ziwiri zapitazo. Anatayikira kuseri kwa mpando, ndiye ndinawonjezera. Mafuta ndi mafuta, Che Bwanali."

"Ndiye mawa mukazinge nawo mazira."

Anamasula jeke yonse, anasolola kamphira kozungulira ka m'kati n'kutionetsa. Kanali katatupa, katafewa ngati nthochi yakupsa kwambiri, ndipo atakafinya kanang'ambika m'zala zake. Anati mafuta a mabuleki amadya mphira za jeke, sabata imodzi kapena ziwiri ntchito yatha. Jeke ili ndi mafuta akeake.

Atsibweni sanagonje. Anayamba kufotokoza za m'mawa, za ndowa, za m'mene ndinaliri. Ndinayang'ana pansi, ndikuyembekeza kuti manyazi aja abwerezedwe pamaso pa mlendo. Che Bwanali sanasiye kutsuka zitsulo m'palafini.

"Mkazi wanga amalumpha majeke m'shedi muno tsiku lililonse pobweretsa tiyi," anatero. "Chikwatirane. Amene wafooka ndine, majeke ali bwino."

Papa anatsokomola kuti abise kuseka. Koma Che Bwanali anawatembenukira, nkhope itauma.

"Inu musaseke. Munalowa pansi pa galimoto ya katundu, mutachotsa tayala, mutadalira ichi chokha? Ngakhale chitakhala chatsopano cha m'bokosi, ntchito yake ndi kukweza. Kugwira ndi ntchito ya chitsa. Wallahi, ndikulumbira, ndaika m'manda anthu ochenjera kuposa inu." Kenaka anayang'ana bulauzi yanga pomwe magazi anadutsira. Anangondipatsa mpando.

Pobwerera atsibweni anakhotera kwa anzawo, tinatsala awiri. Ndinkayembekeza kuti Papa anena kanthu. Titayandikira Chiuaula ndinafunsa ndine.

"Papa, munakhulupirira kuti ndinaiwononga?"

"Ayi."

"Ngakhale m'mawa muja?"

"Ngakhale m'mawa muja."

"Nanga bwanji munandisiya ndilumphe pamaso pa anthu?"

Anayenda masitepe angapo. "Ndi mlamu wanga, Selina. Ndi mwini wako. Nyumba imafuna mtendere."

Mabala a lamba anapola pa sabata ziwiri. Yankho limenelo silinapole. Bambo anga, munthu wofatsa amene sanandimenyepo, anadziwa kuti ndikunamiziridwa, anadziwanso kuti ngati vuto si ine ndiye kuti jeke ikadali yodwala, komabe anayala saka n'kulowa pansi pake kuti asakhumudwitse mlamu wake.

Kunyumba ndinapeza Mama atatola nyemba zonse. Ndinkaganiza kuti andikumbatira. Anandisambitsa pamsana ndi madzi ofunda, kenaka anati atsibweni akabwera ndikagwade ndipepese. Osati za jeke, anati, zimenezo zatha. Koma za mwano: kugwira miyendo ya Papa, kuyankha akulu, kuwachititsa manyazi kwa Che Bwanali.

"Sindipepesa, Mama."

"Selina."

"Mundimenyenso. Sindipepesa."

Sabata yonse atsibweni anakana kudya chimene ndaphika, ndipo Mama ankandilankhula za ntchito zokha. Papa sanalowererepo. Chimene anachita n'chakuti anadula zitsa ziwiri za bulugamu, anazisema pamwamba kuti zikhale zafulati, ndipo kuyambira pamenepo zinkayenda mu karinya kulikonse. Jeke anaipangira kabokosi kuti iziima. Kumeneko ndiko kunali kupepesa kwawo, ndipo panatenga zaka kuti ndikumve.

Lero ndili ndi satifiketi ya za ulimi, ndili pabanja, ndili ndi mwana wamkazi wa miyezi khumi. Abale a mwamuna wanga amandinena kuti ndine wamantha, ndipo sakunama. Ndimabwerera panjira kukaona ngati ndazimitsa mbaula imene ndikudziwa kuti ndazimitsa. Ndimawerenga kapumidwe ka mwana akagona masana. Mwezi watha ndinapita naye kuchipatala katatu, ndipo katatu konse anandibweza akumwetulira, ati palibe kanthu. Sindinganame kuti mantha anga amalondola nthawi zonse. Nthawi zambiri amanditopetsa pachabe, ine ndi amene ndimakhala nawo. Koma akandiseka sinditsitsa mutu, ndipo mawa ndikaona chondikayikitsa ndidzam'berekanso n'kupita.

Atsibweni akalamba tsopano, maso achita nkhungu. Posachedwapa anabwera kudzaona mwana. Anam'nyamula bwino, anam'seweretsa, kenaka anati, "Ameneyu asadzatengere mwano wa mayi ake. Paja iwe sunandipepesebe."

Apongozi anga anali pomwepo, ndipo anandiyang'ana ndi diso londiuza kuti ndingoseka.

"Sindinapepese, atsibweni," ndinatero, "ndipo sindidzapepesa. Imwani tiyi, akuzizira."

Anamwa. Sindidana nawo. Analakwitsa mafuta, ndipo pamene jeke inakana, kunali kwapafupi kuloza mwana amene sakanayankha kusiyana ndi kukumbukira zimene manja awo anachita ku Lione. Chimene ndamvetsa tsopano n'chakuti tsiku lija palibe amene ankafunira Papa zoipa. Aliyense pabwalo paja anali ndi ulemu: Mama kwa mlongo wawo, Papa kwa mlamu wawo, ine kwa onse. Ndipo galimoto inkatsikabe, mosafulumira, mopanda phokoso, pamwamba pa anthu aulemu.

Mwana wanga ndidzam'phunzitsa kugwada, kulandira ndi manja awiri, kusayankha akulu mwachipongwe. Koma ndidzamuuzanso, ndikumuyang'ana kumaso, kuti akadzaona chinthu chikutsika pa munthu, akoke mwendo. Za ulemu tidzakambirana pambuyo pake, tonse tili moyo.